MGB ya 1972: anabwera kudzakonzetsa hita, tinathera pa kuwotcherera thupi

Galimotoyi inafika pagalaja pomwe ndimagwira ntchito, kunja pang'ono kwa mzinda wa Leicester ku Britain, mu Novembala 2022. Mwini wake, bambo wachikulire amene anapuma pantchito, anatsika atavala chijasi ndi magolovesi, mpango uli m'khosi, m'manja muli kansanza kopukutira galasi. Dandaulo lawo linali limodzi basi: hita siikutenthetsa. Anati mayi akunyumba analumbira kuti sadzakweranso galimotoyi kuyambira Okutobala mpaka Epulo, chifukwa mapazi amachita dzanzi ndipo akamafika kunyumba mutu umakhala ukuwawa. Za mapazizo sindinadabwe nazo, ndazimva kwa eni ambiri a magalimoto akale amenewa otchedwa MGB. Za mutuzo ndi zomwe zinandiimitsa.

Tinapangana masiku awiri. Galimoto inatuluka patatha miyezi 7. Ndalemba lipotili makamaka chifukwa gwero la mavuto ambiri omwe tinapeza linali kapaipi ka labala kamodzi komwe munthu angathe kukatsegula ndi kawaya pa mphindi zisanu.

Galimoto yake

Ndi MGB yopanda denga lolimba, ya mipando iwiri, yopangidwa mu 1972, ya mabampala onyezimira aja asanabwere a labala akuda a mu 1974. Mtundu wake ndi Teal Blue. Injini ndi ya 1798cc, ya masilinda anayi, yokhala ndi makabureta awiri a SU, magiya anayi ndi overdrive, giya yowonjezera yoyendera pa liwiro lalikulu. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Abingdon, kufupi ndi Oxford, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo onse pamodzi anaposa theka la miliyoni. N'chifukwa chake zipangizo zake sizivuta kupeza. Ndikayitanitsa lero, mkuja zafika.

Chofunika kuchidziwa musanakhudze chitsulo chilichonse ndi ichi: MGB ilibe shasi, felemu ya zitsulo ija yonyamula thupi la galimoto. MGA, yomwe inalipo isanabwere iyi, inali ndi shasi payokha ndipo thupi linkangokhazikidwa pamwamba. Syd Enever, injiniya wamkulu wa kampani ya MG, ndi anzake atakonza MGB anapanga thupilo kukhala shasi yomwe. Galimoto ya denga lolimba imapezako mphamvu ku dengalo. Iyi ilibe, choncho chomwe chimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti zisapindikirane ndi mtunda wa giyabokosi uli pakati pa mipando, komanso mitanda iwiri ya m'munsi mwa zitseko yomwe timaitcha ma sill. Ma sill akaola, galimoto yathyoka msana ngakhale penti atawala bwanji.

Zomwe ndinapeza tsiku loyamba

Ndinayamba ndi hita monga anandituma. Ndinaliza injini kwa mphindi 20. Singano ya kutentha inangosuntha pang'ono kuchoka pa C, chizindikiro cha injini yozizira, n'kuima. Paipi ya pamwamba ya rediyeta inayamba kufunda injini itangolira kumene, zomwe siziyenera kuchitika. Nditamasula manati atatu a chivindikiro cha thermostat, kavalavu kotseka madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe, ndinapeza mulibe kanthu. Wina anaichotsa kalekale.

Ndinaseka ndekha, chifukwa chizolowezi chimenechi ndinakulira nacho. Ku Ndirande komwe ndinaphunzirira ntchito, galimoto ikangoyamba kutentha, choyamba kutayidwa chinali thermostat, kenako mapaipi awiri a hita ankalumikizidwa okhaokha n'kuiwala kuti kuli hita. Tinkati kwathu n'kotentha, za kumangalande izi. Si nzeru ngakhale kwathuko, chifukwa injini yozizira imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga, koma dalaivala sazimva m'thupi kupatula masiku a chiperoni. Kuno amazimva. Hita ya galimoto ilibe moto wakewake, imangobwereka kutentha kwa madzi a injini. Madzi akakhala ofunda chabe, hita ingachite kukhala yatsopano bwanji, ipereka mpweya wofunda chabe.

Zikanakhala zokhazo, bwenzi bambo aja atapita tsiku lomwelo. Koma nkhani ya mutu ija inali isanandichoke. Pa MGB paipi ya utsi imadutsa pansi kumanzere, ndipo pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja ngati iyi, kumanzereko ndi komwe mayi amakhala. Ndinakweza kapeti ya mbali imeneyo. Inali yonyowa, yolemera ngati bulangete lochapidwa, ndipo pansi pake panali kachidutswa ka aluminiyamu kokhomedwa ndi ma rivet n'kupakidwa phula lakuda. Nditakakanula ndi sikuludiraiva ndinaona simenti ya pagalaja. Bowo lake dzanja limalowa. Chakutsogolo pang'ono, polumikizira paipi ya utsi panali mwaye wakuda, kusonyeza kuti utsi umatulukira pamenepo. Denga lansalu likatsekedwa galimoto ikuthamanga, mpweya wa pansi umakokedwa kulowa m'kati. Mayi aja ankapuma utsi wa injini ulendo wonse.

Ndinatenga maginito, aja omata pafiriji, n'kuyamba kuyenda nawo m'mbali mwa galimoto. Pa chitseko anagwira. Pa sill ya kumanzere anagwa pansi katatu konse. Kunsi kwa madigadi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, anagwanso. Kenako ndinalowetsa jeke pamalo pake pansi pa sill n'kukweza pang'onopang'ono, maso ali pa mpata wa chitseko. Tayala lisanachoke pansi ndinamva kulira ngati munthu akuponda masamba ouma, fumbi lofiira linathothoka, ndipo mpata wa chitseko unasintha ndikuona. Ndinatsitsa jeke nthawi yomweyo.

Ndinaitana mwini wake kuti aone okha. Ndinawauza mosapsatira mawu: "Bambo, hita ndikhoza kukukonzerani mawa. Koma sindingakubwezereni makiyi n'kunena kuti galimoto ili bwino. Ikagundidwa m'mbali, palibe chotchinga mayi."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati galimotoyi sinapite ku MOT, komwe amayeza ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, kuyambira 2018. Zinali zomveka. Kuyambira Meyi chaka chimenecho, magalimoto opitirira zaka 40 omwe sanasinthidwe kwambiri sakakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka ku Britain. Lamulo limanenabe kuti galimoto ikhale yoyenera pamsewu, koma kwa zaka zinayi panalibe munthu amene anagwada n'kusuzumira pansi pa iyi. Ine lamulo limenelo sindigwirizana nalo, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto yakale ndimamuuza kuti akayezetsebe mwa kufuna kwake.

Madziwo ankachokera kuti

Dzimbiri la ma sill limadziwika chiyambi chake. Misewu ya kuno imathiridwa mchere m'nyengo yozizira, matope amchere amaunjikana kuseri kwa tayala lakutsogolo, kamalata kotchinga pamenepo kakaola amalowa mpaka m'kati mwa sill. Koma kapeti yonyowa ija inkasonyeza kuti madzi ena akuchokera pamwamba.

Kutsogolo kwa galasi lalikulu la MGB kuli kasefa konyezimira. Pansi pake pali chibowo chonga bokosi chomwe chimalandira mpweya wopita ku hita ndi ku timazenera ta pa dashibodi. Mvula imalowanso momwemo, ndipo okonza galimotoyi anaika kapaipi ka labala kutsikira m'mbali mwa giyabokosi kuti madzi azitulukira pansi. Kumapeto kwake kuli kamutu kobulungira kokhala ndi kamng'alu. Eni MGB amakatcha Tom's knob. Ndinagona pansi, n'kufinya kamutuko ndi zala, osatuluka kanthu. Kanali gwa ngati mwala. Nditalowetsa waya kuchokera pamwamba, munatuluka thope lakuda la masamba ovunda, kenako madzi onunkha okwana theka la ndowa yaing'ono, ena mwa iwo kumaso kwanga.

Pamenepo zonse zinalumikizana. Madzi ankadzaza m'bokosimo n'kusefukira mbali ziwiri. Ena ankalowa ku hita, komwe anavunditsa siponji yotsekera mipata ndi kudya pansi pa bokosi la hita. Ena ankatsikira kumapazi, kunyowetsa makapeti, ndipo makapetiwo ankasunga chinyezi pa lata chaka chonse. Galasi lochita nthunzi lomwe bambo aja ankapukuta ndi kansanza, mapazi adzanzi, bowo la pansi, zonsezo muzu wake unali umodzi. Mchere unadya galimoto kuchokera kunja, kapaipika kanaidya kuchokera m'kati, mpaka zinakumana pakati.

Kusankha njira

Panali njira ziwiri. Kuyambira 1988, kampani ya British Motor Heritage imapanga matupi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zija za kufakitale. Munthu amagula thupi lonse n'kusamutsiramo injini, mawaya ndi mipando. Thupi likaola paliponse, njira imeneyo ndiyo yanzeru, ndipo ndalangizapo anthu kutero. Koma iyi titaivula madigadi akutsogolo, omwe pa MGB amangomasulidwa ndi mabawuti, tinapeza kuti zitsulo zonyamula injini zili bwino, pansi pa buti pali bwino, pomangirira masipuling'i akumbuyo pali bwino. Chowola chinali chapakati. Ndinawerengera kuti kuwotcherera kutuluka motchipirapo, ndipo bambo aja anali ndi chifukwa chawonso. Galimotoyi anaigula asanakwatire, ndiye ankafuna ikhale yomweyo.

Mwana wawo wamwamuna anabwera Loweruka lina ndi maganizo ena. Poti galimoto yaphwasulidwa kale, bwanji osaikamo injini ya V8 ya Rover, matayala otambalala, madigadi otukumuka? Zimatheka, ndipo fakitale yomwe inachitapo zimenezi pa MGB GT V8 kuyambira 1973 mpaka 1976. Koma injini yotero imafuna mabuleki ena, giyabokosi ina, kudula malata m'chipinda cha injini, ndipo galimoto ingathe kuchoka m'gulu lija la zosasinthidwa kwambiri, zosakakamizidwa kupita ku MOT. Ndinafunsa funso limodzi: akaikamo V8, mayi akwera? Nkhaniyo inathera pomwepo. Tinagwirizana kuti chilichonse chomwe tisinthe chikhale chosaonekera kunja, komanso chotheka kuchibwezeretsa mmene chinalili.

Ntchito ya malata

Sill ya MGB si lata limodzi ayi. Ndi zidutswa zinayi zowotchereredwa pamodzi: lakunja lomwe mumaliona, lapakati loimirira ngati khoma, la m'kati lomwe limabisika ndi kapeti, ndi lapansi lopindidwapindidwa lotchedwa castle rail. Mphamvu yambiri ili mu lapakatilo, lomwe diso silifikako. Komanso sill siithera pomwe chitseko chathera, imapitirira kuseri kwa madigadi kutsogolo ndi kumbuyo. Amene anakonza galimotoyi zaka zapitazo anangovundikira lata latsopano pamwamba pa lowola, kuchokera pa mzati wina wa chitseko kufika pa wina, n'kumata filler wochuluka, phala lija losalazira malata penti asanapakidwe. Pena ndinapeza filler wochindikala ngati chala changa chachikulu. Lata lapakati la kumanzere ndinalitola ndi manja, zidutswazidutswa, n'kudzaza chidebe cha penti.

Tisanadule kalikonse tinawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko chilichonse ndi china chodutsa pakati, galimoto itakhazikika mofanana mbali zonse. Zitseko tinazisiya pomwepo, titasintha kaye mahinji otha, chifukwa chitseko ndicho muyezo wako. Sill imatsata chitseko, osati chitseko kutsata sill. Ndipo timachita mbali imodzi kuimaliza tisanakhudze inayo. Ukadula zonse ziwiri nthawi imodzi, ulibenso poyezera.

Mphwanga, amene akuphunzira ku koleji kuno ndipo amabwera kudzathandiza Loweruka, ndi amene anaboola timadontho towotcherera ta kufakitale timodzitimodzi. Ndi ntchito yotopetsa, timadontho mazanamazana. Tsiku lachiwiri anandifunsa, "Amalume, bwanji osangodula ndi giraindala n'kuwotcherera mzere umodzi wautali? Si zilimba kuposa timadonthoti?"

"Iwe, tenga tizidutswa tiwiri ta lata ukayese," ndinatero.

Anayesa pa zidutswa zotsala. Lata lake ndi lopyapyala, milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo mzere wautali wa moto unalipinda ngati chikopa chouma padzuwa. Sanafunsenso. Timaboola mabowo ang'onoang'ono m'mphepete mwa lata latsopano, kulipana zolimba ndi linzake, n'kudzaza bowo lililonse ndi makina owotcherera a MIG, kudumphadumpha uku ndi uku kuti kutentha kusaunjikane pamodzi. Pomwe malata awiri agundana timapaka kaye penti wa zinki wolola kuwotcherera, chifukwa pamenepo burashi siidzafikanso.

Ndimakumbukira kuti kwathu tinkachita zonsezi ndi moto wa gasi wa kabaidi ndi waya wa mpanda, lata lake lodula pa boneti ya galimoto ina yakufa. Moto umenewo umapinda lata kwambiri, n'chifukwa chake tinaphunzira nyundo. Luso limenelo ndi lomwe linandithandiza pa bokosi la mpweya lija, chifukwa pansi pake panafunika kachidutswa kokhala ndi mapindiko atatu ndi pakamwa pa kapaipi, ndipo ndinakasula ndekha pa lata wamba. Malo ake ndi opanikiza, kuseri kwa dashibodi, dzanja limodzi lokha ndi lomwe limalowa. Kachigamba kosaposa chikhatho kananditengera masiku atatu, pomwe pansi ponse pa mbali ya mayi panatenga tsiku limodzi ndi theka.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Chitseko chakumanzere ndinachiyeza chili chopanda kanthu, galasi, chokwezera galasi ndi loko zili pa shelefu. Mpata unali wokongola kuzungulira konse. Titabwezeretsa zonsezo, kulemera kwake kunachitsitsa kumbuyo, ndipo m'munsi chinayamba kukhula sill yatsopano. Mwamwayi penti anali asanapoperedwe. Ndinakonza ndi mahinji ndi kupala m'mphepete pang'ono, koma tsiku lonse linapita. Chakumanja ndinachiyeza nditaikamo thumba la mabawuti lolemera mofanana ndi zochotsedwazo.

Pa zitseko zomwezo panali mng'alu wodziwika uja, pamwamba pa lata pafupi ndi kagalasi ka makona atatu, womwe eni MGB amautcha crack of doom. Umabwera chifukwa felemu ya kagalasiko imakankhana ndi felemu ya galasi lalikulu thupi likamagwedezeka, komanso chifukwa anthu amakokera chitseko pa kagalasiko potseka. Kuwotcherera kokha sikuthandiza, umabweranso. Ndinaika kachitsulo kolimbitsa kuseri kwake, n'kusuntha felemu kuti izingokhudza labala osati kumupsinja.

Za penti sindichulukitsa. Tinapala mpaka pa chitsulo, epoxy poyamba, mankhwala otseka mipata m'malumikizidwe onse, filler wopyapyala pomwe nyundo yalephera, kenako Teal Blue wa two-pack, penti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa. Penti ameneyu ali ndi poizoni woononga mapapo, ndipo kansalu kapamphuno sikateteza. Amapoperedwa m'chipinda chake munthu atavala chigoba cholandira mpweya wochokera kunja. Ndimanena izi chifukwa ndikudziwa anzanga amene amapopera pabwalo atangomanga mpango. Penti atauma tinapopera phula lamadzimadzi m'kati mwa ma sill, zitseko ndi mizati mpaka litayamba kudontha m'mabowo otulukira madzi.

Tsopano hita

Hita ya MGB ndi ya Smiths, bokosi lakuda lokhala kumbuyo kwa injini. M'kati mwake muli karediyeta kakang'ono, fani, ndi kachitseko kolozera mpweya ku galasi kapena kumapazi. Kulichotsa n'kovuta kuposa mmene likuonekera, chifukwa pansi pake lakhazikika mu chilabala chochindikala momwe mumalowa mapaipi opita ku galasi, ndipo chilabalacho chikakalamba chimagwira ngati simenti.

Titalitsegula tinapeza mavuto atatu. Karediyeta kanali kolemera ndi matope, ndipo madzi a paipi ya pampopi ankangodutsa mwa apo ndi apo. Siponji yozungulira karediyetako inali itasanduka ufa. Imeneyi anthu amaiderera, koma mpweya ndi waulesi, umadutsa pomwe pali pofewa. Ukapeza mpata m'mbali sulimbana n'kudutsa m'timipata ta karediyeta, umangolambalala n'kufika kumapazi uli wozizira monga unalowera. Lachitatu ndi lomwe linandisangalatsa. Mawaya awiri a fani anali olumikizidwa mosemphanitsa, ndiye fani inkazungulira chobwerera. Fani ya mtundu umenewu ikamazungulira chobwerera siyamwa mpweya monga ambiri amaganizira, imauzirabe mbali yomweyo, koma mofooka kwambiri. Munthu amamva phokoso, amamva kamphepo pa dzanja, n'kumati hita za MGB ndi mmene zilili. Bambo aja anayenda choncho zaka zosawerengeka.

Tinawotcherera pansi pa bokosi, kuikamo karediyeta katsopano ka timipata tambiri kuposa kakale, siponji yatsopano paliponse, ndi mota yatsopano. Magetsi opita ku fani ankadutsa m'maswichi ndi m'malumikizidwe akale, ndipo pofika ku mota anali atatsika ndi mavoti oposa awiri. Ndinaika relay, kaswichi kopereka magetsi ku mota mosazungulira, ndi fyuzi yakeyake, swichi ya pa dashibodi n'kungotsala yolamula. Valavu ya hita, yomwe ili pa silinda hedi kumanja, tinaisinthanso. Valavu imeneyi anaiika pamwamba penipeni pa distributor, chogawira moto ku mapulagi, ndiye labala wake akang'ambika madzi amadonthera pomwepo injini n'kuzima pakati pa msewu. Amene anasankha malo amenewo sindikudziwa ankaganiza chiyani. Thermostat tinaika ya 88°C m'malo mwa ya 82°C yomwe ambiri amaika, titatsuka kaye rediyeta yaikulu n'kutsimikiza kuti ikuziziritsa bwino. Mankhwala oletsa madzi kuundana tinathira abuluu akale aja, chifukwa marediyeta a mkuwa omatidwa ndi mtovu sagwirizana ndi amakono ofiirira.

Tinaliza injini, singano inakwera mpaka pa N, pomwe iyenera kukhala injini ikatentha bwino, ndinayatsa fani. Mphepo inali yamphamvu, koma yofunda chabe. Ndinangoti kakasi.

Ndinaganiza kuti mwina mwatsekeredwa mpweya m'mapaipi. Ndinakweza galimoto kutsogolo, kumasula paipi, kudzazanso madzi. Palibe chinasintha. Ndinayang'ana waya wokoka valavu, ndipo unkatsegula mpaka kumapeto. Kenako ndinatenga choyezera kutentha choloza patali chija. Silinda hedi inali yotentha bwinobwino, koma paipi yochoka pa valavu inali yotsika kwambiri, ndipo yobwerera inali pafupifupi yozizira. Madzi sankayenda okwanira. Ndinamasulanso valavu yatsopano ija n'kuunika ndi tochi m'bowo la mu hedi momwe imamangidwa. Bowo lomwe chala chaching'ono chimayenera kulowa linali litatsala kanjira ngati ka msomali, kwinako dzimbiri louma ndi zotsalira za mankhwala aja anthu amathira potseka kudontha kwa rediyeta. Tsiku losintha valavu ndinali nditapala nkhope ya kunja yokha poika gasiketi, osasuzumira m'kati. Ndinakolokosa ndi chobowolera chogwira pamanja, kutsuka ndi madzi chobwerera mpaka atatuluka oyera. Titalizanso injini, mphwanga anaika dzanja kumapazi n'kulichotsa msanga.

Chinthu china chomwe ndinafotokozera mwini wake: timazenera tiwiri ta pakati pa dashibodi ya chaka chimenechi sitidutsa ku hita. Timatenga mpweya wa kunja mwachindunji. Iwo ankatitsegula m'nyengo yozizira poganiza kuti kutentha kutulukira pamenepo.

Kusunga kutenthako

Kupanga kutentha ndi theka la ntchito. Galimoto ya denga lansalu ili ngati dengu, ndipo hita yaing'ono chonchi singapikisane ndi mphepo yolowa m'mabowo makumi awiri. Khoma la pakati pa injini ndi mapazi lili ndi mabowo ambiri odutsa mawaya ndi zingwe, ndipo timalabala totseka tambiri tinali titagwa. Usiku wina ndinazimitsa magetsi a pagalaja, mphwanga n'kuika nyali m'chipinda cha injini, ine nditagona chagada pansi pa dashibodi. Paliponse pomwe kuwala kunalowa ndinaikapo chizindikiro ndi choko. Tinapeza malo 14. Labala wa pa ndodo ya giya analinso wong'ambika, ndipo pamenepo pamalowa mphepo m'nyengo yozizira ndi chifundizi cha giyabokosi m'chilimwe.

Pansi ndi pa mtunda wa giyabokosi tinamata zotchinga kutentha za siponji yosamwa madzi. Zakale zija za ubweya wopsinja sindiziikanso m'galimoto yopanda denga, chifukwa zimasunga madzi. Makapeti a kumapazi tinawasiya omangidwa ndi mabatani kuti azichotsedwa n'kuyanikidwa. Malabala a zitseko ndi a pamwamba pa galasi tinasintha onse.

Zosintha zenizeni zinali zochepa. Pansi pa nsalu za mipando tinaikamo timaphedi totenthetsa ndi magetsi, maswichi ake obisika m'mbali mwa mpando. Kwa munthu woyenda denga lili lotsegula, zimenezi zimathandiza kuposa hita, chifukwa kutentha kwake mphepo siikuulutsa. Kuseri kwa mipando tinaika kaukonde kotchinga mphepo yozungulira kuchokera kumbuyo, komwe kamachotsedwa ndi mabawuti awiri. Poti katundu wa magetsi wachuluka, alternator yopanga magetsi, ya Lucas ya ma amp 34, tinaisintha ndi ina yooneka chimodzimodzi koma yamphamvupo. Mabatire awiri a mavoti 6 omwe amakhala pansi kuseri kwa mipando tinawachotsa n'kuika limodzi la mavoti 12 m'chipinda chimodzi. M'kati mwa distributor tinaikamo zamagetsi m'malo mwa ma point, tizitsulo tija totsegula ndi kutseka magetsi. Mapaipi a petulo tinasintha chifukwa cha E10, mafuta okhala ndi ethanol wambiri omwe anayamba kugulitsidwa kuno mu Seputembala 2021 ndipo amadya labala wakale, komabe ndinawauza kuti azithira E5, ya ethanol wochepa. Zakale zonse zomwe tinachotsa zili m'katoni, zolembedwa, m'galaja ya kunyumba kwawo.

Itatuluka

Galimoto inatuluka mu Juni 2023, itadutsa MOT yomwe ndinaumirira. Koma Juni si nthawi yoyezera hita, ndiye ndinawapempha kuti abwerenso kukazizira. Anabwera mu Januwale 2024 m'mawa wa chisanu, udzu uli mbuu, mayi ali pampando wakumanzere chijasi chili pamiyendo. Galasi linali loyera. Ndinayenda nayo ndekha makilomita angapo: singano inafika pa N pasanathe mphindi khumi, ndipo ndinachita kuchepetsa hita chifukwa phazi lamanzere linayamba kupsa.

Sizinathe zonse. Liwiro likapitirira mamailosi 60 pa ola, pakona ya kumanja pomwe denga limakumana ndi kagalasi kachitseko pamalowabe kamphepo kolasa khutu. Ndasuntha felemu kawiri koma sikanatheretu, ndipo ndikuganiza kuti nsalu ya dengalo inafota, idzafunika ina. Pansi pa madigadi akumbuyo kumanja ndinaona katuza kamodzi kakang'ono ngati njere ya mapira, pamalo pomwe sitinadule. Ndinakajambula ndipo tinapangana kudzakaonanso mu Epulo.

Ndisanawabwezere makiyi ndinakweza galimoto, n'kuwaitana bambo aja kuti alowe pansi. Ndinawagwiritsa kamutu ka kapaipi kaja ndi dzanja lawo, mphwanga n'kuthira jagi ya madzi pa kasefa ka pamwamba. Madzi anatsika onse nthawi imodzi, oyera, n'kuwanyowetsa mkono wa malaya. Ndinawapatsa waya wa labala wotalika mita imodzi woti azilowetsamo masamba akayamba kugwa mu Okutobala, ndiponso akatha kugwa mu Disembala. Mayi ndi amene anaulandira n'kuuika m'kabokosi ka pa dashibodi.